Unamwino ndi ntchito, si chifundo chabe

Aliyense amene anadikirirapo matenda pa chipatala chachikulu cha Zomba akudziwa kuti dokotala amangodutsa m'mawa, koma wochezera ndi wodwala mpaka tambala kulira ndi namwino. Kawirikawiri namwinoyo amakhala mayi. Kodi mayi ameneyu timamuona ngati katswiri pa ntchito yake, kapena ngati munthu wachifundo basi?

Maganizo achiwiriwa ndi akalekale. Nthawi ya atsamunda, pamene Zomba linali likulu la dziko lino, anthu akuda oyamba kuphunzitsidwa zachipatala ambiri anali amuna, otsuka zilonda ndi othandiza madokotala. Masisitala anali azungu. Atsikana athu ankaphunzira uzamba ndi unamwino wapansi m'zipatala za mishoni, komwe ntchitoyi inkatengedwa ngati maitanidwe. Wofuna maphunziro apamwamba ankapita kunja. Mayi Cecilia Kadzamira anakaphunzira ku Salisbury, n'kudzagwira ntchito pa chipatala cha Zomba asanapite kukathandiza Dr Banda ku Limbe.

Zinthu zinasintha titalandira ufulu. Sukulu ya boma ya anamwino akuluakulu inatsegulidwa ku Blantyre mu 1965, ndipo Kamuzu College of Nursing inayamba mu 1979 pansi pa yunivesite. Mu 1996 sukulu ya anamwino ya Zomba inalowa mu Malawi College of Health Sciences. Ku Malosa nako, a St Luke's akhala akusula anamwino ndi azamba. Mwana wamkazi wa mlimi anapeza njira yopezera ntchito ya pamwezi n'kumaphunzitsa azing'ono ake.

Komatu mawu aja akuti maitanidwe sanafe. Amatuluka nthawi zonse anamwino akadandaula za malipiro, ati apirire poti anasankha okha. Chotsatira chake tinachiona kumayambiriro a zaka za m'ma 2000, pamene anamwino ambiri anakhamukira ku Britain, mawodi kutsala pululu. Mu 2005 boma, mothandizidwa ndi maiko akunja, linawonjezera malipiro awo ndi 52 peresenti, ndipo kuthawako kunachepa. Ndiye kuti vuto silinali kusakonda dziko ayi. Zikomo sagula ufa, abale.

Lero bala lili pena. Anamwino ambiri akamaliza maphunziro amakhala pakhomo kudikira kuti boma liwalembe ntchito, pamene m'wodi namwino mmodzi akuthamangathamanga yekha usiku wonse. Makolo anagulitsa mbuzi kulipira fizi, dipuloma ili m'sutikesi.

Inu amalonda amene mumadula msonkho, ndi inu ophunzira amene mukulakalaka yunifolomu yoyera, afunseni aphungu anu kuti bajeti ya chaka chino ilemba anamwino angati. Tsiku limene mudzagonekedwe m'wodi, yankho lake mudzalimva m'thupi.