CHENJEZO: Koperani Zolemba Zanu Sabata Ino, App Ikhoza Kutsekedwa

Kwa ophunzira ndi aphunzitsi a pa Mzuni ku Luwinga, a ku St John of God, a ku Mzuzu Technical College, anamwino, atolankhani, abusa ndi aliyense mu Mzuzu muno amene amasunga nkhani ndi mapepala a kafukufuku mu app ya pa foni kapena pa laputopu: zimene mwasonkhanitsa zaka zonsezi zikhoza kufufutika popanda wakuba kulowa m'nyumba mwanu. Zikopereni sabata ino isanathe.

Ambirife timaganiza kuti tikasunga nkhani mu app ndiye kuti yalowa m'manja mwathu. Ayi ndithu. Nthawi zambiri imakhala pa makompyuta a kampani ina kutsidya la nyanja, ndipo kampaniyo ikaona kuti sikupindula imangotseka. N'chimodzimodzi kusungitsa chimanga m'nkhokwe ya mwini: tsiku lomwe afune kuiphwasula sadikira kuti inu mupeze matumba.

Zachitika kale. Pocket, app imene anthu ankasungiramo nkhani za pa intaneti kuti adzawerenge nthawi ina, inayamba mu 2007 ndipo kampani ya Mozilla inaigula mu 2017. Pa 8 Julayi 2025 inatsekedwa. Anthu anapatsidwa miyezi yochepa yoti atulutse zawo, koma chimene ankatulutsa chinali mndandanda wa mitu ndi malinki, osati nkhani zenizenizo. Linki ya tsamba limene linachotsedwa kale siyithandiza munthu. Omnivore, app ina yotere imene ena ankaidalira chifukwa inali yaulere, inatsekedwa mu Novembala 2024 eni ake atapita kukagwira ntchito ku kampani ya ElevenLabs, ndipo nthawi yotulutsira zinthu inali masabata owerengeka. Zidziwitso za kutsekedwa kwa app zimabwera pa imelo, m'Chingerezi. Amene bandulo inali itamuthera, kapena anali kumudzi ku Chitipa nthawi ya holide, amadzamva zonse zitatha.

Ife a ku Mzuzu tikudziwa kuwawa kwa kutaya zowerenga. Pa 18 Disembala 2015 laibulale ya Mzuni inapsa, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa usiku umodzi. Ophunzira ambiri anapitiriza sukulu podalira ma PDF opatsana pa fulashi ndi pa foni. Chizolowezicho chinatipulumutsa, koma chinatisiyanso ndi maganizo olakwika akuti zimene zili mu makina sizingapse. Wophunzira wa chaka chomaliza amene mapepala onse a disateshoni yake ali pa malo amodzi ali pa ngozi yomweyo, ndipo zikamuthera sipadzakhala womusonkhera mabuku.

Chitani izi. Tsegulani app imene mumagwiritsa ntchito, mupeze pamene palembedwa kuti Export, mutulutse zonse. Ngati ndi pulogalamu ya kafukufuku monga Zotero, Mendeley kapena EndNote, sankhani RIS kapena BibTeX, chifukwa mafayilo amenewa amatseguka m'mapulogalamu ambiri. Mukatero tsegulani chimene chatulukacho muone ngati ma PDF ndi manotsi anu alimodi. Ambiri amalekera panjira apa, n'kudzazindikira mochedwa kuti anasunga mitu yokha. Nkhani ya pa intaneti imene mukuifunadi, isungeni ngati PDF mu foda yanu, dzina lake likhale wolemba, chaka ndi mutu.

Kwa amene akuyamba kumene, ine ndimalimbikitsa Zotero. Ndi yaulere, imasunga zonse pa kompyuta yanu, ndipo imagwira ntchito ngakhale netiweki itasowa. Koma nayonso musaigonere. Malo aulere amene imapereka pa intaneti ndi 300 MB basi, ndipo akadzaza, ma PDF atsopano amatsala pa laputopu pokha, ngakhale mitu yake ikuoneka pa akaunti. Laputopuyo ikabedwa mu minibasi kapena ikapsa ndi magetsi obwera mwamphamvu, mudzatsala ndi mitu. Tsekani pulogalamuyo, mukopere foda yonse ya Zotero pa hard drive kapena pa fulashi. Kope lachiwiri likagone nyumba ina, kwa m'bale ku Katoto kapena ku Chibavi, osati m'chikwama chomwe muli laputopu.

WhatsApp si laibulale. Foni ikatayika, kapena mukafufuta zinthu kuti mupeze malo, mapepala aja apita, ndipo amene anawatumiza pa gulupu mwina anatulukamo kalekale.

Samalaninso ndi imelo imene munatsegulira akaunti. Ngati ndi ya sukulu kapena ya kuntchito, ikhoza kutsekedwa mukangochoka, choncho isintheni mukadali ndi mwayi wolowamo. Ngati ndi Gmail yakale, dziwani kuti kuyambira Disembala 2023 Google ili ndi ufulu wofufuta akaunti imene yatha zaka 2 osagwiritsidwa ntchito, pamodzi ndi zonse za mu Drive. Lowaninso mu akauntiyo lero, muonenso ngati nambala ya foni yolandirira khodi idakali yanu. SIM ya TNM kapena Airtel imene munaitaya kalekale ikhoza kukutsekerani kunja.

Musalole munthu kukuikirani EndNote yakuba yotsitsa pa masamba osadziwika, chifukwa mapulogalamu otere amabwera ndi mavairasi. Fulashi yosungira kope lanu isapite kumalo osindikizira mapepala m'tauni, komwe kompyuta imodzi imalandira mafulashi a anthu ambirimbiri tsiku lililonse. Kumeneko pitani ndi ina, yokhala ndi fayilo yokhayo imene mukufuna kupulinta.

Aphunzitsi amene mukuyang'anira kafukufuku, wophunzira akabwera ndi chaputala chake, mufunseni akuonetseni kumene kuli kope lachiwiri musanayambe kuwerenga. Tumizani chenjezoli ku magulupu a makalasi anu lero.