Galimoto Zadizilo Zaliwiro Zikutha ku Ulaya, Kodi Tizilandire Kuno?

Chaka chikamapita kumapeto misewu ya ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota imadzaza ndi galimoto za ana athu ochokera ku Joni. Mwa galimotozi mumakhala zina zoti dalaivala akangoponda moto, inu mumangotsala ndi fumbi. Mwini wake akakuuzani kuti ndi yadizilo mumagwira pakamwa, pakuti ife dizilo tidamudziwira kuchigayo, pa lole ya nsomba ndi pa sitima ya Ilala. Tsono makolo ena atifunsa kuti: mwana wathu akuti galimoto zoterezi zatsika mtengo kunjako, kodi timulole agule? Funsoli ndi la ndalama zambiri, zina zosonkhedwa ndi banja lonse, choncho tiyeni tilione modekha.

Injini yadizilo adaitulukira ndi Rudolf Diesel, Mjeremani, ndipo yoyamba kugwira bwino ntchito idalira m'chaka cha 1897. Iyo ilibe mapulagi oyatsa moto monga yapetulo. Imapanikiza mpweya kwambiri mpaka utatentha, ndiye mafuta akangopoperedwamo amayaka okha. Kupanikiza kumeneku, kuphatikizapo kuti lita yadizilo ili ndi mphamvu zambiri kuposa lita yapetulo, ndi kumene kumachititsa kuti galimoto yadizilo iyende mtunda wautali ndi mafuta ochepa. Koma kwa zaka zambiri injiniyi idali yolemera, yaphokoso ndi yaulesi. Mercedes-Benz adatulutsa galimoto yaing'ono yadizilo, ya 260 D, mu 1936, ndipo amene adaikonda kwambiri adali oyendetsa matakisi, osati okonda liwiro.

Zinthu ziwiri ndi zomwe zidasintha nkhaniyi. China ndi turbo, kachipangizo kozunguzidwa ndi utsi wa injini komwe kamakankhira mpweya wochuluka m'kati. Chinzake ndi njira ya common rail, yomwe idayamba kuoneka m'galimoto zazing'ono mu 1997 pa Alfa Romeo 156. Apa mafuta amasungidwa mopanikizika koopsa, ndipo kompyuta ndi imene imauza manozo nthawi yopopera, kangapo pa kuyaka kumodzi. Phokoso lidachepa, mphamvu idakwera.

Umboni wake udaonekera ku Le Mans, m'dziko la France, komwe galimoto zimathamanga maola 24 usana ndi usiku, ndipo wopambana ndi amene wayenda mtunda wautali. Mu 2006 galimoto ya Audi R10 TDI idakhala yoyamba yadizilo kupambana mpikisanowu. Kuchokera pamenepo mpaka 2014, zaka zisanu ndi zinayi zondondozana, palibe yapetulo idapambanapo. Peugeot adatenga chikho mu 2009, zaka zina zonsezo chidali cha Audi. Mu 2006 momwemo kampani ya JCB, yopanga makina okumbira aja timawaona pokonza misewu, idaika injini zake ziwiri m'galimoto yomwe Andy Green adathamanga nayo makilomita 563 pa ola ku Bonneville, ku America. Pofika 2008 munthu wandalama adatha kugula Audi Q7 ya masilinda 12 ndi mahosipawa 500. Asodzi athu odziwa injini ya boti ya mahosipawa 15 kapena 40 awerengere okha. Maboma ambiri a ku Ulaya nawo adachepetsa msonkho pa dizilo, moti cha m'ma 2011 galimoto zatsopano zoposa theka kumeneko zidali zadizilo.

Nanga chidalakwika n'chiyani? Vuto lidali mu utsi. Kutentha kwakukulu komwe kumapulumutsa mafuta ndi komwenso kumabala mpweya woipa wotchedwa NOx, umene umapweteka mapapo, makamaka a ana ndi a anthu a mphumu. Palinso mwaye wosalala kwambiri wolowa mpaka m'kati mwa chifuwa. Mu 2012 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, idaika utsi wadizilo m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Kuyeretsa utsiwu n'kotheka, koma kumadya ndalama, ndipo nthawi zina kumadyako mphamvu ndi mafuta.

Mu September 2015 akuluakulu oona za chilengedwe ku America adaulula kuti Volkswagen adaika m'kompyuta za galimoto zake pologalamu yozindikira kuti galimoto ili pa mayeso. Pa mayeso utsi umayera. Pamsewu NOx amakwera, pena mpaka ka 40 kuposa mlingo wololedwa. Zidali ngati sikelo ya wogula mbewu yomwe imanena zoona tsiku lokhalo lomwe a boma abwera kudzaiyeza. Kampaniyo idavomera kuti galimoto pafupifupi 11 miliyoni padziko lonse zidali ndi pologalamuyi, mkulu wake Martin Winterkorn adatula pansi udindo, ndipo milandu ndi zipukuta misozi zidaidyera ndalama zoposa mayuro 30 biliyoni.

Kuyambira apo zidangogwa motsatizana. Audi adachoka ku Le Mans kumapeto kwa 2016. Porsche adalengeza mu 2018 kuti wasiya dizilo. BMW adaleka injini yake ya maturbo anayi mu 2020, ndipo Volvo adapanga galimoto yake yomaliza yadizilo mu March 2024. Mu 2023, m'maiko a European Union, galimoto zatsopano zamagetsi zidagulidwa zambiri kuposa zadizilo. Ku London, kuyambira 2019, mwini galimoto yakale yadizilo adayamba kulipira mapaundi 12.50 tsiku lililonse lomwe walowa nayo pakati pa mzinda, ndipo mu 2023 lamuloli lidafalikira mzinda wonse. Wofuna liwiro lero amalipeza m'galimoto yamagetsi kapena ya hybrid, zomwe zimanyamuka mwamphamvu popanda utsi wotere.

Galimoto yokanidwa kwawo siifera pomwepo, imakwera sitima. Bungwe la United Nations loona za chilengedwe lidapeza mu 2020 kuti pakati pa 2015 ndi 2018 galimoto zakaunjika 14 miliyoni zidatuluka ku Ulaya, America ndi Japan, ndipo gawo lalikulu lidabwera ku Africa. Ku Britain, Japan ndi South Africa amayenda kumanzere monga ife, ndiye njira yofikira kuno ndi yotseguka.

Apa ndi pomwe tikuti makolo atchere khutu. Galimoto yadizilo yamakono ili ndi sefa yogwira mwaye, DPF, yomwe imadziyeretsa yokha pokhapokha injini itatentha paulendo wautali. Ngati ntchito yake ndi kuchoka kunyumba kupita kumsika ndi kukatenga ana kusukulu, sefayo imatsekeka. Zambiri zimafunanso madzi apadera otchedwa AdBlue, ndipo akatheratu kompyuta imakana kuliza injini, ngakhale thanki yadizilo ili yodzaza. Koma chachikulu ndi manozo ndi pampu. Injini ya chigayo imameza chilichonse, pamene ya common rail dizilo wothiridwa palafini kapena wolowa madzi amaipha msanga. Ife taona kusowa kwa mafuta mu 2011 ndi 2012, komanso kobwerezabwereza kuchokera 2022, ndipo tikudziwa kuti masiku oterowo munthu amagula wa m'zigubu wosadziwa komwe wachokera. Manozo akafa, atsopano amaitanitsidwa kunja ndi ndalama zakunja zomwe zikusowazo, galimoto itakhala pamiyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo.

Amakaniko ena amangochotsa sefa ija n'kuinamiza kompyuta. Galimoto imayendadi, koma mwaye wonse umatulukira pakhomo pomwe ana akusewera.

Sitikunena kuti dizilo watha. Lole, basi, thalakitala ndi sitima zikhala naye kwa nthawi yaitali, ndipo kwa munthu wonyamula usipa kuchokera ku Makanjira kupita ku Limbe, Hilux kapena Land Cruiser yosavuta kukonza ikadali yanzeru. Imene ife tikuona kuti masiku ake atha ndi yaing'ono yaliwiro ija, yodzaza maturbo ndi makompyuta. Kwa banja la maulendo afupiafupi, kagalimoto kapetulo ka injini yaing'ono kamakwana, ndipo msonkho wake polowa m'dziko muno ndi wochepa, popeza umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto.

Mwana akaimba foni kuti wapeza yotchipa, mufunseni ngati ili ndi DPF, ngati imamwa AdBlue, ndi mtengo wa nozo imodzi. Kenaka pitani kwa makaniko amene mumamudalira paboma, mumutchulire dzina la galimotoyo ndi chaka chake, mumve ngati ali ndi makina oiyezera.