Pomwe ma ARV anafika, mankhwala a BP afikenso

Kwathu kwa Mpama, m'boma la Chiradzulu, munthu akamachokera kuchipatala anthu safulumira kufunsa zomwe adokotala anena. Funso loyamba limakhala lakuti, "Mankhwala mwawapeza?" Yankho lake limatengera matenda a munthuyo. Amene amamwa ma ARV amabwerako ndi mabotolo a miyezi ingapo atawamanga pansonga ya chitenje. Mayi wa BP, bambo wa shuga ndi mnyamata wa khunyu kawirikawiri amabwerako ndi buku lakuchipatala lokha, m'menemo mutalembedwa dzina la mankhwala oti akagule okha. Anthuwa anakhala pabenchi imodzi kuyambira mbandakucha, anaonedwa pachipatala chimodzi cha boma, koma wina wathandizidwa, wina wangolandira malangizo.

Nkhaniyi imandipweteka kwambiri chifukwa ikuchitika ku Chiradzulu, boma lomwe linaphunzitsa dziko lino kuti mankhwala angathe kufika kwa munthu wakumudzi mwezi ndi mwezi osadukiza. Achinyamata ambiri sadziwa mbiri imeneyi. M'chaka cha 2001, maliro a Edzi ali tsiku ndi tsiku m'midzi mwathu, bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV mwaulere pachipatala chachikulu cha Chiradzulu. Nthawi imeneyo akuluakulu ambiri akunja ankati zimenezi n'zosatheka. Andrew Natsios, yemwe ankatsogolera bungwe la USAID, anafika ponena chaka chomwecho kuti anthu ambiri a mu Africa sadziwa wotchi, kotero sangathe kumwa mankhwala m'nthawi yake. Mtengo nawo unali woopsa: ku America ndi ku Ulaya mankhwala a munthu mmodzi ankaposa madola 10,000 pachaka, mpaka kampani ya Cipla ya ku India inalengeza kuti ingathe kuwagulitsa pa madola 350.

Anthu a ku Chiradzulu anatsutsa maganizo amenewo ndi moyo wawo. Anamwa mankhwala mokhulupirika, ogonera pamphasa anadzuka n'kubwerera kumunda. Mzere utakula pa boma, chithandizocho chinatumizidwa kuzipatala zing'onozing'ono monga Namitambo, Milepa, Mbulumbuzi ndi Nkalo, ndipo anamwino anaphunzitsidwa ntchito yomwe kale inkaonedwa ngati ya madokotala okha. Mu 2004 boma linayamba kupereka ma ARV aulere m'dziko lonse ndi thandizo la Global Fund. Mu 2008 Chiradzulu inayambanso njira ina: munthu amene thupi lake lakhazikika azionana ndi dokotala kamodzi pa miyezi isanu ndi umodzi, pakatipo azingodzatenga mankhwala kwa alangizi a zaumoyo. Lero Amalawi oposa 900,000 akulandira ma ARV.

Tsono tiyeni tione chimene chimachititsa kuti ma ARV asamasowe kawirikawiri. Ndalama zilipo, inde, ndipo ndifikako. Koma china chachikulu ndi kuwerenga. Aliyense womwa ma ARV ali ndi nambala, ali ndi khadi lotsala kuchipatala, ali ndi tsiku lobwerera. Miyezi itatu iliyonse, gulu lochokera ku Unduna wa Zaumoyo limayendera chipatala chilichonse chopereka ma ARV, kuwerenga anthu ndi mabotolo otsala pashelefu. Oitanitsa mankhwala amadziwa kuti pachipatala chakuti pali anthu angati ndipo adzafuna zochuluka bwanji. Munthu akajomba, amamutsatira mpaka kumudzi. Mayi wa BP uja ndani amamuwerenga motere? Akasiya kubwera chifukwa watopa ndi kubwezedwa chimanjamanja, palibe amazindikira. Dzina lake lidzamvekanso tsiku lomwe adzamunyamulire pa kabaza atafa ziwalo mbali imodzi.

Si kuti anthu oterewa ndi ochepa. Kafukufuku wa STEPS yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka za pakati pa 25 ndi 64 ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. M'boma la anthu oposa 350,000, malinga ndi kalembera wa 2018, chimenecho ndi chikhamu. Ndipo ambiri mwa amene anapulumuka ndi ma ARV zaka zija tsopano ndi agogo, nawonso BP ndi shuga zawapeza. Munthu yemweyo, tsiku lomwelo, amalandira mankhwala ena pachitseko ichi n'kuuzidwa kuti ena atha pachitseko icho.

Mankhwala ngati hydrochlorothiazide, amlodipine, metformin, phenobarbitone ndi amoxicillin amadzera njira ina. Amagulidwa ndi ndalama za boma kudzera ku Central Medical Stores Trust, nkhokwe ya mankhwala ya dziko lino. Njira imeneyi ili ndi minga yodziwika: bajeti ya mankhwala yosakwana chaka, ngongole zomwe zipatala ndi boma zimakhala nazo kunkhokweko, ndi kusowa kwa ndalama zakunja m'dziko lomwe pafupifupi mankhwala onse limaitanitsa kunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama yomweyo inayamba kugula makatoni ochepa. Palinso kuba, ndipo tisabise: Unduna unachita kukhazikitsa nthambi yofufuza za kuba mankhwala mu 2016 chifukwa mankhwala a boma ankapezeka m'misika ndi m'zipatala za anthu. Koma kulakwa kwathu kumudzi n'kwakuti mkwiyo wonse timauthira pa wachinyamata woima pazenera loperekera mankhwala, yemwe nthawi zambiri waitanitsa makatoni khumi n'kulandira atatu.

Boma limanena kuti chithandizo m'zipatala zake ndi chaulere. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kwa munthu wa kwa Mpama amene wauzidwa kuti akagule, ulere umenewo watha pomwepo. Ayenera kupeza ya kabaza ndi ya minibasi yopita ku Limbe, kapena kukalipira ku Nguludi, chipatala cha mishoni chomwe sichingayende popanda kulipiritsa. Agulitsa nkhuku, agulitsa nandolo yemwe amasungira ana. Ndalama ikachepa amagula mapilitsi a sabata imodzi n'kumamwa modumphitsa masiku kuti akhalitse. Ena amagula makapusozi awiri atatu paokala, osadziwa ngati ndi enieni kapena anatha mphamvu, ndipo kumwa mankhwala opha tizilombo mwa theka chotere ndi kumene kukuchititsa kuti matenda ena asamamvenso mankhwala. Dziko lino likudziwa kale ululu wa zimenezi: chloroquine tinamusiya mu 1993 atasiya kugwira malungo, Fansidar nayenso analowedwa m'malo ndi LA mu 2007.

Za khunyu ndizo zimandidula mtima. Phenobarbitone ndi mankhwala akalekale, otsika mtengo, koma munthu akawasiya mwadzidzidzi kugwa kumabwerera, nthawi zina mwamphamvu kuposa kale. Kwathu timaphika pamafuwa, timatunga madzi pachitsime ndi kumtsinje. Mtsikana amene anakhala bwinobwino chaka chathunthu, mpaka kubwerera kusukulu, angathe kugwera pamoto chifukwa cha mwezi umodzi wopanda mapilitsi. Ndalama zomwe boma lidzawononge pomusamala zilonda zamoto kuchipatala cha Gulupu zikanamugulira mankhwala a zaka zambiri. Ndipo banja likabwezedwa kawiri katatu, limabwerera ku chikhulupiriro choti mwanayo analodzedwa, ntchito yonse yomwe alangizi a zaumoyo anagwira powaphunzitsa n'kugwera m'madzi.

Wina anena kuti ndikuyerekeza zinthu zosiyana, poti ma ARV amagulidwa ndi ndalama za abwenzi akunja ndipo amayenda pa galimoto zawozawo. N'zoona. N'zoonanso kuti thandizo limenelo si lamuyaya. Tonse tinaona mantha omwe anagwira anthu mu January 2025 boma la America litaimitsa thandizo lake lakunja. Koma zimenezi zikungotiuza kuti njira yathu ya boma iyenera kukonzedwa msanga, chifukwa tsiku lina ma ARV omwewo adzayenera kudzera momwemo. Atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001, chaka chomwe Chiradzulu inayamba ma ARV, kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo. Zaka zambiri dziko lathu lakhala likulephera kufikapo.

Komanso si zonse zimafuna mabiliyoni. Ku Neno, boma lamapiri ndi misewu yovuta kuposa yathu, ofesi ya zaumoyo pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anaphatikiza kiliniki ya ma ARV ndi ya matenda okhalitsa mu 2015. Wa BP, wa shuga, wa mphumu, wa khunyu ndi wa HIV amalembedwa mofanana, amapatsidwa tsiku lobwerera, amatsatiridwa akajomba. Nzeru yomwe Neno inagwiritsa ntchito ndi yomweyo imene inayesedwa kuno kwathu. Anamwino odziwa kusunga makadi tili nawo. Alangizi odziwa khomo lililonse tili nawo. Anthu ozolowera kusunga tsiku lawo lakuchipatala ali m'mudzi uliwonse.

Pempho langa likupita kwa akuluakulu a zaumoyo pakhonsolo ya Chiradzulu: lembani m'kaundula aliyense wa BP, shuga, mphumu ndi khunyu pachipatala chilichonse, ndipo muziitanitsa mankhwala potengera chiwerengero chimenecho. Mankhwala akakhalapo, apatseni a miyezi itatu anthu amene matenda awo akhazikika, asamathere ndalama panjira. Akatha, matani chikalata pakhomo chonena omwe palibe ndi tsiku lomwe munaitanitsa, kuti gogo asadikire mpaka masana kuti amve zomwe akanamva m'mawa. Inu a komiti ya pachipatala, amene mumasainira katundu akafika, werengani makatoni ndi maso anu ndipo muziuza anthu pamsonkhano wa mfumu zomwe zabwera ndi zomwe zaperewera. Aphungu athu ndi makhansala, pokambirana bajeti funsani kuti ndalama ya mankhwala ya boma lino ikwana miyezi ingati, ndipo mudzatiuze yankho lake kuno kumudzi.