Chilolezo cha Malo Si Umboni wa Nyumba Yolimba

Pali cholakwa chimene chafala pakati pa anthu omanga nyumba m'mizinda mwathu, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ngakhale ena ophunzira ndithu amagwamo. Munthu akaloledwa kumanga pa puloti yake amayesa kuti Boma lavomereza zonse, kuyambira maziko kufikira denga. Si choncho ayi. Pa nchito yomanga pali mafunso aŵiri, ndipo lililonse lili ndi malamulo akeake.

Funso loyamba ndi la malo: kodi pano payenera kumangidwa chinthu chotere? Oyang'anira mapulani a mzinda amaona ngati nyumbayo sidzatseka msewu kapena ngalande, ngati sili m'dambo, ngati chigayo sichidzakhala pakhomo pa sukulu. Kuno kwathu nkhaniyi inali m'lamulo la Town and Country Planning Act la 1988, limene linaloŵedwa m'malo ndi Physical Planning Act la 2016. Funso lachiŵiri ndi la kamangidwe: kuya kwa maziko, kuchindikala kwa khoma, kasakanizidwe ka simenti ndi mchenga, mazenera oloŵetsa mpweya, zimbudzi, ndi khomo lothaŵira moto ukabuka. Zimenezi ziyenera kuyesedwa papepala ndiponso nchito ili mkati, pakuti maziko akakwiriridwa palibenso diso lingawaone.

Ku England, kumene tinatengako njira imeneyi, malamulo aŵiriŵa sanabadwire pamodzi. Moto utapsereza mzinda wa London mu 1666, lamulo la 1667 linati nyumba zatsopano zimangidwe ndi njerwa kapena miyala. Koma lamulo lalikulu lakuti mwini malo ayambe wapempha chilolezo asanatukule malo ake linadza mu 1947, patapita zaka 280. Kumeneko munthu angathe kugumula khoma lochirikiza denga m'kati mwa nyumba wamba popanda chilolezo cha mapulani, koma a kamangidwe ayenera kuvomereza. Pamene mpanda wopitirira mamita 2 umafuna chilolezo cha mapulani.

Amene akuti tikuchulutsa gaga m'diŵa akumbukire nyumba ya nsanjika 24 ya Grenfell Tower ku London. Nchito yoikonzanso inalandira chilolezo cha mapulani mu 2014. Pa 14 Juni 2017 moto unakwera nyumbayo potsata zokutira zoyaka msanga zimene anaziika kunja kwa makoma, ndipo anthu 72 anafa. Chilolezo chinalipo, chimene chinalephera ndi malamulo a kamangidwe pamodzi ndi amene anayenera kuwalondoloza.

Ifenso taziona mbali zonse ziŵiri. Zivomezi za ku Karonga mu Disembala 2009 zinagwetsa ndi kung'amba nyumba zambirimbiri, ndipo funso la kumeneko linali la kulimba kwa makoma. Matope ndi miyala zimene zinatsika m'phiri la Soche pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 zinakokolola nyumba ku Chilobwe. Kumeneko ngakhale mmisiri waluso chotani sakadathandiza kwenikweni, chifukwa vuto linali malo.

Motero tikupempha akuluakulu a makhonsolo kuti asamangodinda chidindo ndi kubweza mapepala. Kalata iliyonse inene poyera, m'chinenero chimene mwini nyumba amamva, chimene chavomerezedwa ndi chimene chatsala. Kalaliki womuuza munthu kuti "zonse zatheka", pamene woyendera sanaone maziko, wamunamiza munthuyo, ngakhale atachita zimenezo mwaulemu. Ndipo woyendera amene amafika denga litakhomedwa kale wangodzaona utoto.

Kwa aphunzitsi, makamaka aphunzitsi aakulu, mawu athu ndi aŵa. Makolo akaumba njerwa ndi kututa mchenga kuti amange chipinda chophunziriramo, mtima wawo ndi woyamikika, ndipo si ife tingaufooketse. Koma malo amene amfumu apereka sayankha funso la mitanda ya denga, pansi pake padzakhala ana tsiku ndi tsiku. Komiti ya sukulu ifunse ku ofesi ya Boma mafunso onse aŵiri khasu lisanagwe pansi, ndipo mmisiri asathire konkire woyendera asanaone dzenje la maziko.