Kandege kakajambula mwachidule, malire a munda wanu asuntha

Amalonda anzanga, sabata ino tisiye kaye za kukwera kwa mitengo ya katundu, tikambe za tindege topanda woyendetsa tija akuti ma drone. Musanene kuti sizikukukhudzani. Ambiri a inu kandalama kakapezeka mumathamangira kukagula puloti kapena kamunda kumudzi, ndipo masiku ano ena oyeza malo akumabwera ndi kandege m'chikwama.

Ku Kasungu ndiye kuchimake kwa tindegeti. Mu June 2017 boma ndi bungwe la UNICEF adatsegula malo oyeserako ma drone pabwalo la ndege la Kasungu, makilomita 40 mbali zonse. Mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy idatsegulidwa ku Lilongwe. Ndiye achinyamata odziwa kuulutsa tili nawo, ndipo ine ndimawanyadira. Koma kuulutsa ndi kwina, kuyeza malo ndi kwina. Mapu amaonongekera pansi pompano, kandege kasananyamuke.

Timvetsetsane kaye. Kandege sikajambula chithunzi chimodzi ayi. Kamapita nkubwerera m'mizere ngati wolima ndi ng'ombe, kakujambula zithunzi mazanamazana, kenaka kompyuta imazisoka kukhala mapu amodzi. Kuti zisokeke, chithunzi chilichonse chimayenera kubwereza zambiri zomwe zili pa chinzake, magawo 70 kapena 80 pa 100. Tsono batire limodzi limatha pa mphindi 20 kapena 30 basi. Waulesi amatalikitsa mizere kuti amalize ndi batire limodzi, alandire yake azipita.

Kwina akhoza kupulumuka nazo, koma osati kuchigwa cha Kasungu. Uko ukayang'ana kum'mawa ndi fodya, kumadzulo ndi fodya, mizere yofanana ngati mapasa. Kompyuta posoka imafuna chizindikiro, kaya chulu, chigafa kapena mtengo wa mango. Ikachisowa imasokera, mapu nkutuluka obooka kapena opindika. Malo otere amafuna zithunzi zobwerezana kwambiri, osati kuchepetsa.

Cholakwa chachiwiri ndiye chimandidetsa nkhawa, chifukwa sichioneka ndi maso. GPS ya kandege wamba imaphonya ndi mita imodzi, mwinanso angapo. Nchifukwa chake woyeza weniweni amayamba wayala zizindikiro pansi, m'makona ndi pakati pa munda, nkuyeza malo a chilichonse ndi makina olondola. Popanda zimenezi mapu amatuluka okongola bwinobwino, koma onse atasendera mbali imodzi. Inu mukuidziwa sikelo yobera: muvi umayenda, manambala amaoneka, koma kilo yake siikwana. Tawerengani nokha. Malire otalika mamita 100 akasuntha ndi mamita awiri, ndiye kuti mzere wa fodya kapena iwiri yapita kwa mnzanu kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Ku Kasungu, komwe ma esiteti adatenga malo ambiri ndipo anthu akupanikizana, mizere iwiri ndi mlandu wofika kwa mfumu.

Chachitatu ndi nthawi. Wojambula mmamawa kapena dzuwa litapendeka amakolola zithunzithunzi za mitengo zitaphimba malire. Nthawi yabwino ndi chakumasana. Mphepo ya mwera ya mu June ndi July imakankha kandege nkumaliza batire msanga. Mu September ndi October utsi wa moto wolusa umachititsa khungu kamera. Mu February fodya ndi chimanga zimakhala zitatseka nthaka, ndiye kandege kamayeza masamba. Kuuluka pamwamba kwambiri kuti ntchito ithe msanga nakonso nkudzinamiza, mwala wa malire suoneka.

Chomaliza, anthu. Chaka chomwe chija cha 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu ku Mulanje ndi Phalombe. Ndiye wina angofika pamudzi, osalonjera mfumu, nkuyamba kuulutsa chinthu cholira ngati njuchi pamwamba pa nyumba za eni ake? Kumeneko nkuputa dala. Chilolezo cha akuluakulu oona za ndege chimafunikanso, makamaka pafupi ndi bwalo la ndege. Komanso kandege sikadziwa zomwe agogo anu adapangana ndi agogo a mnzanu pansi pa mtengo. Lamulo la malo a mafumu la 2016 lidatsegula njira yolembetsa minda ya makolo, koma malire amalozedwa ndi anthu, oyandikana nawo ali pomwepo.

Tsono wina akabwera ndi kandege kuti akuyezereni malo, musatengeke ndi kulira kwake. Mufunseni: kodi achimwene, chiphaso cha ntchito yoyeza malo muli nacho? Zizindikiro za pansi muyika zingati? Mabatire mwatenga angati? Muulutsa nthawi yanji? Amfumu ndi eni minda yoyandikana mwawauza? Akayamba chibwibwi, bwezani ndalama m'thumba. Inu simulandira thumba la nyemba osapisamo dzanja, nanga bwanji mapu a malo omwe mudzasiyire ana anu?

Tionana sabata ya mawa.