Ine Ndaima ndi Odya Mkute

Pakati pa amisiri opanga Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta imene aliyense amaitenga popanda kulipira, pakhala mtsutso wa zaka zambiri pa liwiro loyenera kutulutsira zatsopano. A Fedora amatulutsa mtundu wina pa miyezi 6 iliyonse, a Arch Linux chimene chapsa lero amapakula lero lomwe. Koma a Debian, amene anayamba ntchito yawo mu 1993, amadekha pafupifupi zaka 2, kuyesa ndi kuyesanso, kufikira achinyamata awaseka kuti akudyetsa anthu mkute.

Ine ndaima ndi odya mkutewo, ndipo umboni wanga ndi zimene zinachitika mu Malichi 2024. Munthu wina wa mtima wa Yudasi, atakhala zaka zoposa 2 akudzionetsa ngati mthandizi wokhulupirika, anabisa khomo lachinsinsi m'kapulogalamu kotchedwa xz, kochepetsa kukula kwa mafayilo, kuti tsiku lina adzalowe m'makompyuta a eni monga mbala usiku. Mmisiri wina, Andres Freund, ataona kuti kompyuta yake ikuzengereza ndi theka la sekondi polowa, sananyozere, koma anafukula mpaka chiwembu chonse chinaonekera poyera. Ululuwo unali utalowa kale m'mitundu yoyesera ya Debian ndi Fedora, ndiponso mu mtundu wina wa Linux wotchedwa openSUSE Tumbleweed; koma Debian 12, wonyozedwa uja, sanakhudzidwe konse, pakuti anali adakali ndi xz wakale. Akulu sananame: walira mvula walira matope.

Ndisabise chilungamo, Freund yemweyo anali pa Debian woyesera, ndipo pakadapanda otsogola ngati iye, amene amalola kunyowa ndi mame a m'mawa, ife a m'mbuyo sitikadayenda pouma. Atsogole ndithu, pakuti akagwa amadziwa kudzidzutsa okha. Koma kalaliki wosunga malipiro a antchito, kapena mphunzitsi amene kompyuta imodzi yanyamula mayeso a sukulu yonse, akafunanji kumameko?

Ubuntu, mtundu winanso wa Linux, amene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anamuyambitsa mu 2004, ndipo dzina lake ndi umunthu wathu womwewu, anaika njira zonse ziwiri pamaso pathu: mitundu ya pakati imasamalidwa miyezi 9 yokha, pamene ya nthawi yaitali yotchedwa LTS, yotuluka mu Epulo pa zaka 2 zilizonse, imasamalidwa zaka 5. Inu aphunzitsi aakulu ndi oyang'anira maofesi, mmisiri akabwera kudzakuikirani Ubuntu, mufunseni ngati ndi wa LTS asanakhudze kompyutayo.