WOMANGIDWA ALEMBEDWE, DZINA LAKE LIONEKE

Achinyamata anzathu a ku Ndirande, Kawale, Chibavi, Chinamwali ndi kulikonse kumene uthengawu wakupezani, werengani mpaka kumapeto musanautumize kwa ena.

Tsiku la mademo likamatha, funso lozunza kwambiri limakhala lalifupi: amutengera kuti? Foni yake yazima. Wina akuti anamuona akukwezedwa m'galimoto ya apolisi. Abale ayamba kuzungulira, polisi iyi, polisi iyo, kontena ya nsima ili m'manja, ndipo pa kauntala paliponse yankho ndi lomwelo: kuno kulibe, kayeseni kwina.

Maganizo athu ndi awa: boma likamanga munthu, dzina lake, nthawi yomwe wamangidwa, malo omwe akusungidwa ndi mlandu wake zilembedwe pompo, ndipo aliyense athe kuziona. Zimenezi sizachilendo. Kwina zikuchitika kale, ndipo tikufuna mudziwe momwe zimayendera, zabwino zake ndi zonyansa zake zomwe.

*Momwe zimakhalira ku America*

Dziko la America lagawidwa m'maboma ang'onoang'ono oposa 3,000 otchedwa county, ofananako ndi maboma athu ngati Dedza kapena Mulanje. Ambiri mwa mabomawa ali ndi ndende yawoyawo, ndipo kawirikawiri amaiyang'anira ndi sheriff, mkulu wa zachitetezo yemwe m'madera ambiri amachita kuvoteredwa ndi anthu. M'ndende zimenezi ndi momwe mumakhala ongomangidwa kumene, odikira mlandu, ndi omwe alandira chilango chachifupi.

Munthu akafika naye pakhomo la ndende, amayamba ndi kumulowetsa m'kaundula, zomwe iwo amati booking. Amalemba dzina, tsiku lobadwa, tsiku ndi ola lomwe wafika, nthambi ya apolisi yomwe yamubweretsa, mlandu, ndi ndalama ya belo ikadziwika. Amamujambula, kumutenga zidindo za zala, kulemba katundu yemwe anali naye m'thumba, ndi kumufunsa za matenda. Malamulo amasiyana chigawo ndi chigawo, ndipo mayina a ana kawirikawiri saululidwa, koma m'madera ambiri mndandanda wa omangidwa uli pa intaneti. Ngati muli ndi m'bale ku Indiana kapena ku Texas ndipo wangoti zii, mumangofuna kudziwa county yomwe amakhala, kutsegula tsamba la sheriff wa kumeneko, n'kulemba dzina monga liliri pa chiphaso chake. Ndi zaulere. Tsamba lokuuzani kuti mulipire kaye musanaone dzina, limenelo ndi la anthu a bizinesi, lisiyeni.

Musatimve molakwa. America si chitsanzo cha chilungamo. Ndi dziko lomwe lili ndi anthu pafupifupi 2 miliyoni m'ndende, ndipo akuda ndi amphawi ndi omwe amalawa kwambiri unyolo. Koma m'dziko lotero ndi momwe phindu la kaundula limaonekera bwino.

*Cholembedwa chimayankhula munthu atamwalira*

Pa 10 July 2015, wapolisi wina ku Prairie View, Texas, anaimitsa Sandra Bland, mayi wachikuda wa zaka 28, chifukwa sanayatse indiketa posintha mbali ya msewu. Anakathera m'ndende ya Waller County. Belo anaiika pa madola 5,000, ndipo panafunika madola pafupifupi 500 kuti atuluke. Pa 13 July anamupeza atafa m'chitokosi, ndipo achipatala oyeza mtembo anati anadzipha.

Nkhani ikanathera pamenepo, koma mapepala a booking anatuluka poyera. Pa fomu ina panalembedwa kuti Sandra ananena kuti anayesapo kudzipha m'mbuyomu, pomwe pa fomu ina yankho linali losiyana. Bungwe loona za ndende ku Texas linapezanso kuti oyang'anira sanamuyendere maso ndi maso pa ola lililonse monga lamulo limafunira. Banja lake linasuma ndipo mu 2016 linalandira madola 1.9 miliyoni. Mu 2017 Texas inakhazikitsa lamulo lotchedwa dzina lake, lomwe mwa zina limati imfa ya m'ndende ifufuzidwe ndi anthu akunja, osati eni ndendeyo. Kaundula sanapulumutse moyo wa Sandra, komabe anatsekereza bodza.

Taonani tsopano zomwe zimachitika pakakhala palibe cholembedwa. Mu 2015 nyuzipepala ya The Guardian inaulula za nyumba ina ya apolisi a mzinda wa Chicago yotchedwa Homan Square, komwe anthu amasungidwa ndi kufunsidwa mafunso asanalowetsedwe m'kaundula woonekera kwa anthu. Malinga ndi nyuzipepalayo, anthu oposa 7,000 anadutsa kumeneko pakati pa 2004 ndi 2015, ambiri mwa iwo akuda, ndipo 68 okha ndi omwe zolembedwa zinaonetsa kuti anakumana ndi loya. Apolisi anakana kuti amachita zolakwika. Koma phunziro ndi lomveka: maola oopsa kwambiri kwa womangidwa ndi aja apakati pa kunjatidwa ndi kulembedwa, pomwe abale ndi loya sakudziwa koyambira.

Kaundula amathandizanso olakwiridwa. Mu 1993 ku Louisville, Kentucky, mtsikana wina, Mary Byron, anaphedwa pa tsiku lomwe amakwanitsa zaka 21 ndi bwenzi lake lakale lomwe linatuluka pa belo iye osauzidwa. Chaka chotsatira kunayamba njira yotchedwa VINE, yomwe imadziwitsa wolakwiridwa womangidwa akamatuluka. Choncho nkhaniyi si ya ochita mademo okha. Ndi ya mlongo wanu yemwe anakadandaula za nkhanza kupolisi ndipo akufuna kudziwa ngati mwamunayo akadali mkati.

*Kunyansa kwake*

Zithunzi za omangidwa zinasanduka malonda. Anthu ena amakolola zithunzizo pa masamba a boma, kuziika pa masamba awo, kenako kulipiritsa mwini nkhope kuti achotsedwe, ngakhale khoti litamupeza wosalakwa. Mu 2018 boma la California linatsegulira milandu anthu anayi omwe amawaganizira kuti amayendetsa tsamba la Mugshots.com. Mu 2021 California yomweyo inaletsa apolisi kuponya pa masamba a mchezo zithunzi za oganiziridwa milandu yopanda chiwawa, kupatula pa zifukwa zapadera.

Ife kuno zili chadodolido. Nkhope ya woganiziridwa imatha kuzungulira pa Facebook ndi pa WhatsApp asanaonekere kukhoti, koma m'bale wofunsa komwe ali amabwezedwa. Chochititsa manyazi chili poyera, chomuteteza chili m'dirowa.

*Lamulo lathu lili kale kumbali yathu*

Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chomwe amamva, akumane ndi loya, alumikizane ndi abale ake, ndipo aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Maolawo akathera pa tsiku lomwe khoti silikugwira ntchito, amadikira tsiku loyamba lotsegula khoti, ndiye mukudziwa chifukwa chake kumangidwa Lachisanu kumawawa. Koma tifunse: maola 48 amenewa tiwawerenga kuyambira pati ngati ola lomangidwira likudziwika ndi womanga yekha?

Gawo 37 limatipatsa ufulu wopeza uthenga womwe boma likusunga, ndipo lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Sitinaiwalenso Buleya Lule, yemwe anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu February 2019, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission linapeza kuti anazunzidwa. Mlandu womwe amamuganizira unali waukulu, koma woweruza amayenera kukhala khoti.

*Zomwe tikufuna*

1. Polisi iliyonse ipachike panja mndandanda wa omangidwa tsiku limenelo: dzina, ola, mlandu. Buku la OB lilipo kale, bolodi ndi choko sizifuna ngongole ya kunja.
2. Pakhale nambala imodzi ya foni kapena ya WhatsApp yomwe m'bale angafunse dzina n'kuuzidwa komwe munthuyo ali.
3. Womangidwa akamasamutsidwa, kaya kupita polisi ina, kaya ku Maula, Chichiri, Zomba kapena Mzuzu, zilembedwe ndipo abale auzidwe.
4. Mayina a ana asapachikidwe, koma makolo adziwitsidwe nthawi yomweyo.
5. Zithunzi za anthu omwe khoti silinawapeze olakwa zisamwazidwe.

*Zomwe tingachite ife eni podikira*

Musapite ku mademo nokha. Muuze munthu mmodzi wotsala kunyumba komwe mukupita, ndipo lowezani nambala imodzi pamtima chifukwa foni ndiyo imayamba kulandidwa. Mukaona mnzathu akutengedwa, lembani dzina lake lonse, ola, malo ndi nambala ya galimoto, mutumize kwa oyang'anira gulu lanu. Musamwaze mphekesera, tumizani zomwe mwaona ndi maso. Kupolisi pitani awiri kapena atatu, modekha, ndipo lembani dzina la yemwe wakuyankhani ndi nthawi yake. Belo ya kupolisi ndi yaulere, wokupemphani ya fanta akukuberani. Maola 48 akadutsa, thamangirani ku Legal Aid Bureau kapena ku Malawi Human Rights Commission.

Ena adzati kaundula woonekera asokoneza kafukufuku. Sitikupempha umboni wa mlandu kapena mayina a mboni. Tikufunsa mafunso anayi okha: mwagwira ndani, liti, ali kuti, chifukwa chiyani. Boma lomanga anthu motsata lamulo silingavutike kuwayankha.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tumizani uthengawu ku magulu anu onse, ndipo amene mumayandikana ndi phungu kapena khansala wanu, kamufunseni maganizo ake pa mfundo zisanuzi.